Ndalama za Paulendo: Mafunso a Wopita ku Nkhata Bay ndi Mayankho Ake

Pa zinthu zonse zimene munthu amazilingalira usiku woti mawa lake anyamuka, katundu atamangidwa kale ndipo a pabanja atagona, palibe chomsowetsa tulo koposa ndalama, ndiko kuti azisunge pati, azinyamule motani, ndi kuti akafika kumene akupitako zikamthandize pa nthawi yake. Makolo athu adali ndi kansalu komanga m'chiuno ndi kathumba kosokera mkati mwa malaya. Koma ife, popeza tapatsidwa njira yachiwiri, yotumiza ndalama pa foni ndi pa banki nkufika pompopompo, tili ndi mafunso amene iwo sadawadziwe. Amene ali m'munsiwa ndi ofunsa anthu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina pamene akonzekera ulendo wa ku Nkhata Bay, limodzi mwa madoko aakulu a nyanja yathu.

Ndili pa ulendo wa ku Nkhata Bay, kumene ndikakwere sitima ya Ilala. Kodi ndalama zanga ndinyamule m'thumba, kapena ndizisiye ku banki ndi m'foni?

Mbale wanga, musasankhe chimodzi nkutaya chinzake, pakuti ziwirizi zili ndi ntchito zosiyana, ndipo chilichonse chimafooka pamene chinzakecho chili ndi mphamvu. Ndalama zochuluka, zimene simuzigwiritsa ntchito lero kapena mawa, zisiyeni ku banki kapena m'foni, kuti, kaya mwadzera ku Chikangawa kaya mwatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja wodutsa ku Nkhotakota ndi ku Chintheche, zifike popanda dzanja lozikhudza. Koma za tsiku ndi tsiku, za minibasi, za kondowole ndi nsomba, za wonyamula katundu pa doko ndi za mwini bwato, zikhale m'thumba, ndipo zikhale zing'onozing'ono. Ndidziwa kuti akulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mawuwo ngoona kwa munthu wa mitima iwiri wosadziwa kothawira. Koma amene wagawa chuma chake mwadala, nadziwa chimene waika uku ndi chifukwa chake, mvulayo simpeza pabwalo.

Muyeso wake ngwapawiri. Woyamba ndi mtunda: mukali ku Mzuzu kapena pa boma la Nkhata Bay, limene lili pa makilomita pafupifupi 50 kutsika kuchokera mumzindawo, foni ndi khadi la ku banki zili ndi ulamuliro, koma sitima ikangolira nkuloza ku Usisya ndi ku Ruarwe, mudzi umene msewu wa galimoto sufikako, kapena kuwolokera ku Chizumulu ndi ku Likoma, mphamvu ya foni imanka nichepa, pamene ya ndalama ya m'manja imanka nikula. Wachiwiri, umene ambiri amauiwala, ndi munthu amene mukumlipirayo. Musanafunse chimene chikukomerani inu, yambani mwafunsa ngati ndalama yanuyo iye akhoza kugulira ufa dzuwa lisanalowe.

Nanga ndalamazi zimafika bwanji pompopompo, pamene palibe wozinyamula?

Chimene chimayenda ndi uthenga chabe. Ndalamazo zimakhala pamene zili. Mukapereka K20,000 kwa ejenti wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba, iye amachotsa ndalama yofanana nayo pa floti yake, ndiyo ndalama imene adagula kale ku kampani nkuisunga m'foni mwake, naiika pa nambala yanu. Ndipo kampaniyo, mwa lamulo la Reserve Bank of Malawi, iyenera kusunga ku mabanki ndalama zenizeni zolingana ndi zonse zolembedwa pa manambala a anthu, popanda kuzisakaniza ndi chuma chake cha malonda. Tsono mukatumizira mnzanu, palibe chimene chimanyamuka. Kaundula yekha ndiye amasintha, kuchotsa pa dzina lanu ndi kuwonjezera pa dzina lake, ndipo ndicho chifukwa chake ntchitoyi imatha mwa kuphethira kwa diso.

Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba nitsatira mu 2013. Ndipo mu 2015 kudakhazikitsidwa National Switch, makina olumikiza mabanki kuti khadi la banki ina lithe kutapa ndalama pa makina a banki inzake, amene pambuyo pake adalumikizanso mabanki ndi makampani a foni, kotero kuti lero munthu akhoza kukoka ndalama ku banki nkuziika m'foni ali chikhalire pa mchenga wa ku Chikale, ku Nkhata Bay. Chothandiza wapaulendo koposa nchakuti njirazi sizifuna intaneti kapena foni yodula: manambala monga *211# a Airtel Money, *444# a Mpamba, *626# a National Bank ndi *247# a Standard Bank amagwira ntchito ngakhale pa kafoni ka mabatani, kamene batire lake limakhala masiku angapo osatha.

Kodi anthu a kunyanjako adazilandira njirazi, kapena amazikayikira?

Ndi ochepa m'dziko muno amene adziwa kuwawa ndi kukoma kwa ndalama yochokera kutali monga adziwira Atonga a ku Nkhata Bay. Chiyambire 1881, pamene Dr Robert Laws ndi anzake a Mishoni ya Livingstonia adasamuka ku Cape Maclear nakhazikika ku Bandawe, ana a dera lino adaphunzira msanga kuwerenga, kulemba ndi masamu. Ndipo popeza kwawo kudalibe ntchito zolipira, pamene msonkho wa boma sunkasowa chaka ndi chaka, adabalalikira ku migodi ndi m'mizinda ya Southern Rhodesia ndi South Africa, kumene ambiri adakhala makalaliki ndi akapitawo. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene adayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919, adali mmodzi wa ana amenewa.

Ndalama zawo zinkafika kumudzi m'njira ziwiri: ya positi, imene inkatenga masabata, ndi ya m'manja mwa mnzawo wobwerera kwawo, amene ankasenza makalata ndi ndalama za mabanja ambiri, nayenda nazo pa sitima ya pamtunda, pa lole ndi pa mapazi. Wotumidwayo akakhala wokhulupirika ndipo njira ikamkomera, midzi inkakondwa. Koma akakumana ndi achifwamba, kapena mtima wake womwe ukampandukira, thukuta la chaka chathunthu linkathera panjira, mkazi ndi ana nkumangoyang'ana kumsewu kufikira maso atatopa. Ngakhale boma la Dr Kamuzu Banda lidaletsa bungwe la Wenela kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa mu 1974, ndege yonyamula antchito a ku migodiko itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, njira ya ku South Africa sidamere udzu. Ndipo lero zidzukulu za amuna aja zimatumiza kudzera ku Mukuru ndi makampani ena, ndalama yochoka ku Johannesburg m'mawa nkugulira ndiwo ku Chintheche madzulo a tsiku lomwelo. Agogo amene adadikirapo kalata miyezi yambiri safuna wowaphunzitsa ubwino wa chinthu chotere. Choncho mayi wa pamsika akakana ndalama ya pa foni, musamuyese mbuli. Chifukwa chake chili pena, ndipo nchomveka.

Ngati njirayi ili yabwino chotero, ndivutikirenji ndi ndalama za m'thumba?

Chifukwa ndalama ya m'foni ili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu, ndiwo magetsi, netiweki, ndi ejenti wokhala ndi ndalama m'kabati mwake. Ndipo fuwa limodzi likagwa, ndiwo zimathera m'phulusa ngakhale awiri enawo ali chilili.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera kutali kumwera, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Ndipo pamene namondwe wa Ana adawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 pa kamodzi, nilikhala m'kuzimazima kwa magetsi kopitirira chaka. Nsanja za foni zimadalira mabatire ndi majenereta magetsi akazima, koma majeneretawo amamwa dizilo, amene nayenso wakhala akusowa m'zaka zimenezi. Onjezanipo mapiri otsetserekera m'nyanja kumpoto kwa boma, amene amatchinga netiweki kotero kuti munthu amakwera chitunda kuti angotumiza uthenga umodzi, ndiponso maola a pakati pa nyanja pamene foni imakhala duu.

Koma fuwa limene alendo salimvetsa ndi lachitatu. Ejenti si banki. Ndi munthu wa kampamba kochepa, wokhala m'kanyumba ka matabwa kapena pansi pa ambulera, kabuku kolembamo patebulo, mafoni awiri kapena atatu m'manja, ndipo ndalama zake zili pawiri, zina m'kabati zina pa floti. Aliyense wodzatapa amachepetsa za m'kabati, ndipo aliyense wodzaika amachepetsa za pa floti. Tsono taganizani tsiku la sitima, pamene Ilala, imene yakhala ikuzungulira nyanjayi chiyambire 1951, yakocheza pa doko, matumba a ufa ndi a shuga, makreti, malata ndi mabeseni a nsomba ali mbwee pansi, ndipo aphunzitsi, amalonda ndi ana a sukulu onse akumbukira pa ora limodzi kuti kumene akupitako kukafunika ndalama ya m'manja. Mzere umatalika pa kanyumba kalikonse, ndipo dzuwa lisanapendeke mudzamva ejenti akuti, "Pepani bambo, kashi yandithera, ngati mukuika ndilandira, koma yotapa ndilibe." Mukapita kwa wachiwiri yankho ndi lomwelo, pakuti onse atungidwa ndi khamu limodzi, ndipo makina a ATM a pa boma, amene ali owerengeka, nawonso amauma kumapeto kwa mwezi ndi pa masiku a tchuthi. Pakadafunda padajiwitsa galu: amene adziwa nyanjayi amatapiratu ku Mzuzu, kumene mabanki ali ambiri, kapena pa boma pomwepo tsiku la sitima lisanafike.

Ndamva ogulitsa ena akunena kuti, "Muwonjezere yotapira." Kodi kumeneku si kundidyera masuku pamutu?

Iyayi, ndipo pa funso ili ndifuna ndikhalitsepo, pakuti ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndalama ya m'foni ili ndi mitengo yake pa khomo lililonse: pali ya potumiza, pali ya pokoka kuchokera ku banki, ndipo pali ya potapa, imene nthawi zambiri ndiyo yokulirapo. Mitengoyi imasintha, ndipo mudzaipeza pa chipepala chomata pa kanyumba ka ejenti. Koma mukaiwerenga modekha mudzaona kuti imaikidwa m'magulumagulu, kotero kuti wotapa ndalama yochepa amataya gawo lalikulu la ndalama yakeyo kuposa wotapa yambiri. Wosauka ndiye amalipira modula.

Taonani mayi wokhala pa msika wa Nkhata Bay, milu ya usipa ataiyala pa thandala ndi batala wowamba ali pambali. Iye adadzuka nkhuku zisanalire napita kugombe, kukachingamira asodzi obwera ku kauni, usodzi wa usiku wa nyali, ndi makoka awo a chilimira, ndipo nsombazo adazigula ndi ndalama ya m'manja, pakuti asodzi amagawana pomwepo, aliyense nkutenga gawo lake. Wa kabaza amene adamnyamulira beseni adafuna ya m'manja. Wotolera msonkho wa pamsika adafunanso ya m'manja. Ndipo mawa m'bandakucha ayenera kubwerera kugombeko ndi mpamba wake wathunthu. Inu mukagula nsomba za K3,000 nkumlipira pa foni, phindu lake pa milu imeneyo mwina ndi kagawo kakang'ono chabe ka ndalamayo, ndipo kuti aisandutse ndalama yogwirika ayenera kusiya malonda ake m'manja mwa mnzake, kukaima pa mzere, ndi kudulidwa yotapira. Inu mwapeputsa thumba lanu, koma katundu amene mwamtulayo wagwera pa mutu wake. Pamene akuti muwonjezere yotapira, sakupempha mphatso. Akungofuna kuti mtengo umene mudagwirizana ufike m'manja mwake wosabenthuka.

Malamulo a Mose adaletsa kugoneka malipiro a waganyu kufikira m'mawa, ndipo ine ndiona kuti mnyamata amene wakusenzerani thumba kuchokera pa depoti kufika pa doko, mukamtumizira pa foni madzulo maejenti atatseka, mwamgonekera malipiro ake ngakhale foni yanu ikunena kuti mwalipira. Nkosiyana ndi malo ogona alendo, masitolo aakulu ndi malo omwetsera mafuta, amene ali ndi nambala ya malonda kapena makina a khadi, makamaka chiyambire 2019 pamene Reserve Bank idalamula kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira ndalama yosakhala ya m'manja. Amenewo alipireni pa foni ndi mtima woyera, pakuti nawonso amalipira owagulitsa katundu m'njira yomweyo, ndipo uthenga wotsalira m'foni mwanu ndi umboni ngati padzabuka mkangano. Aliponso amalonda ang'onoang'ono amene amakonda ya pa foni, poopa kugona ndi ndalama m'nyumba ya udzu. Chofunika nkufunsa, ndipo mwini malondayo ndiye asankhe.

Nanga za akuba? Kodi si m'thumba momwe muli ngozi yaikulu?

Ngozi ili konsekonse, koma nkhope zake nzosiyana. Ndalama ya m'thumba mdani wake ndi wopisa m'matumba, amene amakonda pa chipwirikiti, pokwera minibasi, ndi pa khomo la sitima usiku pamene anthu akukankhana ndipo manja anu onse awiri ali pa katundu. Ndipo ikapita yapita, pakuti ilibe dzina. Mankhwala ake ndi akale lomwe: musaiike pamodzi, musaiwerengere pagulu, ndipo ya basi ikhale payokha kuti potulutsa musaonetse inzake.

Ndalama ya m'foni wopisa m'thumba saipeza, ngakhale atatenga foniyo, malinga nambala yanu yachinsinsi ili mumtima mwanu osati pa kapepala ka m'chikwama, ndiponso si chaka chimene mudabadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chanu. Mdani wake ndi wa lilime lozuna. Adzakuimbirani modzichepetsa nadzitcha wa ku kampani, nati nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kutchula manambala achinsinsi. Kapena adzakutumizirani uthenga wooneka ngati wa ndalama yolowa, nalira kuti walakwitsa nambala, mumbwezere. Kapena adzati mwapambana mphoto ya mpikisano umene simudalowe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa oimbawa amaimba ali m'ndende, ndipo ngakhale kuyambira 2018 simu khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso, chinyengochi sichidathe. Dziwani ichi nimusachiiwale: palibe wa ku kampani kapena wa ku banki amene ali ndi ufulu wofunsa nambala yanu yachinsinsi, ndipo uthenga wa ndalama yolowa muutsimikize poona nokha ndalama zimene zili pa nambala yanu.

Pali msampha wina umene umatchera a kunyumba osati inu. Pamene muli pakati pa nyanja ndipo foni yanu sikupezeka, wachinyengo akhoza kuimbira mayi anu kapena akazi anu kuti mwachita ngozi ndipo kuchipatala akufuna ndalama msanga. Ndipo iwo, poyesa nambala yanu nkuipeza yozima, adzakhulupirira. Musananyamuke auzeni tsiku limene mudzasowa pa netiweki ndi tsiku limene mudzapezekanso, ndi kuti asatumize kanthu asanamve mawu anu.

Ndikalakwitsa nambala, kapena ndalama ikachoka kwa ine koma osafika kwa mnzanga, nditani?

Za kulakwitsa nambala, kupewa ndiko kuli ndi mphamvu, pakuti madzi akatayika saoleka. Musanatsindike nambala yachinsinsi werengani manambala kawiri, ndipo pamene foni ionetsa dzina la wolandira, litchuleni mokweza kuti mwini wakeyo avomere. Ngati zalakwika kale, imbirani kampani nthawi yomweyo, pakuti ndalamayo ikhoza kugwidwa ngati wolandirayo sanaitape. Akaitapa, nkhaniyo imatalika.

Ndalama yoima panjira, makamaka yochoka ku banki kupita ku foni kapena ku kampani ina, kawirikawiri siitayika: imafika mochedwa kapena imabwerera yokha, ngakhale nthawi zina pamapita masiku. Musafufute uthenga wake, pakuti nambala ya m'menemo ndiyo adzakufunsani. Musalipire kachiwiri musanaone ngati yoyambayo yachokadi. Ndipo banki kapena kampani ikakunyalanyazani, Reserve Bank ili ndi ofesi yolandira madandaulo a anthu otere. Koma zonsezi ndi zothandiza munthu amene ali pakhomo pake. Wapaulendo amene kondakitala waimika dzanja pamaso pake sangamuuze kuti adikire mpaka Lachitatu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsono za m'thumbazo zikhale zingati, ndipo zamtundu wanji?

Werengani masiku amene mudzakhala kutali ndi boma, muike pamodzi za ulendo, za chakudya ndi za pogona, ndipo muwonjezerepo za masiku awiri kapena atatu, pakuti sitima imazungulira nyanja kamodzi pa sabata, ndipo mphepo kapena kuwonongeka kwa injini kukaichedwetsa, mudzadya ndi kugona masiku amene simudawakonzere. Musadalire mitengo imene adakuuzani wina amene adapitako chaka chatha. Kwacha, imene idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mafuta ndi ya maulendo yakhala ikutsatira pambuyo pake.

Kugwa kwa ndalamaku ndiko kwachititsanso kuti kunyamula zambiri kukhale kolemetsa, pakuti ngakhale ndi ya K5,000, imene idatuluka mu 2022, K1,000,000 ndi mapepala 200, mtolo umene sungabisike m'thumba la malaya. Wopita kukagula nsomba zambiri, kukamanga nyumba kapena kukathandiza pa maliro achite bwino kusunga zochulukazo ku banki nkumatapa pang'onopang'ono, atafunsiratu malire a ndalama imene aloledwa kutapa kapena kutumiza pa tsiku. Koma za panjira zikhale za K500, K1,000 ndi K2,000, chifukwa kumudzi chenji ndi chosowa, ndipo kupereka K5,000 pogula nthochi za K500 ndi kutuma mwana kuti azungulire mudzi wonse. Mapepala ong'ambika ndi omata musawalandire pa ejenti, poti kutsogoloko adzawakana.

Ndikawolokera ku Mozambique kapena ku Tanzania, foni yanga idzandithandiza?

Musaidalire. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kumeneko kwacha ndiyo ndalama. Koma mukatsika ku Cóbuè kapena ku Metangula mwalowa m'dziko la metikali, ndipo ku Mbamba Bay, tsidya lija la Nkhata Bay, ndi dziko la shilingi ya Tanzania. Ejenti wa kumeneko ndi wa makampani a kwawo, ndipo nambala yanu ya kuno sangaitapitse. Sinthani ndalama ku banki kapena ku malo osinthira ovomerezeka musananyamuke, nimusunge lisiti lake. Chimodzimodzi mlendo wochokera kunja amene wadza ndi khadi la Visa: malo ena ogona amalilandira, koma iyenso atape makwacha ku Mzuzu, ndipo akafuna kukhalitsa alembetse simu khadi ya kuno ndi pasipoti yake.

Funso langa lomaliza ndi ili: foni ikagwera m'nyanja, ndalama zanga zamira nayo?

Sizimira, pakuti monga tanena kale, ndalamazo zili m'kaundula wa kampani ndi wa banki, pa nambala yanu ndi pa dzina lanu; mukapeza simu khadi yatsopano ya nambala yomweyo mudzazipeza zonse. Koma funso lanu nlanzeru, chifukwa m'madoko ang'onoang'ono monga Usisya ndi Ruarwe sitima siifika kumtunda: imaima patali, anthu nkutsikira m'maboti, ndipo potsiriza amaponda m'madzi, nthawi zina ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mwera uli pa ukali wake. Ndalama ya pepala ikanyowa mudzaiyanika pa mwala nkugulira nsima madzulo ake. Foni ikanyowa mudzakhala wopanda kanthu kufikira sitima itabweranso ndipo inu mutafika pa boma kapena ku Mzuzu, kumene kuli maofesi a makampaniwo.

Chifukwa chake ikulungeni foniyo m'pulasitiki musanatsike, muitchaje mokwanira usiku wa pa boma, ndipo manambala a abale awiri kapena atatu muwalembe pa pepala, pakuti masiku ano ambiri a ife sitisunganso nambala pamtima. Ikatayika kapena kubedwa, bwerekani foni ya mnzanu nimuimbire kampani ndi banki kuti atseke nambalayo msanga. Ndipo chiphaso chanu cha unzika chisagone m'thumba limodzi ndi foni, chifukwa ndicho adzakufunsani popereka simu khadi yatsopano; zikatayikira pamodzi, mudzayenda maulendo a ku polisi ndi ku ofesi ya National Registration Bureau musanakhudze ngakhale tambala imodzi ya ndalama zanu.